Katundu Afike, Dalaivala Afikenso Wamoyo

Dzuwa likalowa kuseri kwa mapiri ozungulira mzinda wa Mutare, m'chigawo cha Manicaland kuvuma kwa dziko la Zimbabwe, misika imatsekedwa ndipo mabanja amalowa m'nyumba, koma apa m'pamene msewu waukulu umadzuka. Pachitunda cha Christmas Pass nyali za magalimoto zimandandalikana ngati mikanda pachingwe. Mathiraki onyamula feteleza, mafuta ndi makontena ochokera ku doko la Beira amakwera mwapang'onopang'ono injini zikubuula. Malole a nthochi ndi matimati amawapitirira pothamangira msika wa Mbare ku Harare. Kumwera kwa mzindawu, pamsewu wochokera ku Masvingo, kumatulukira timagalimoto tokoka ngolo zodzaza maphukusi, titayenda usana ndi usiku kuchokera ku Johannesburg.

Magalimoto onsewa amayang'aniridwa m'njira zosiyanasiyana. Pasikelo amayezedwa kulemera kwake. Apolisi apamsewu amafunsa laisensi ndi mapepala a inshuwalansi, amaona matayala, nyali ndi mabuleki. Pachipata cha m'malire akuluakulu oona za msonkho amawerenga katundu. Chinthu chimodzi chokha n'chimene kawirikawiri chimadutsa malo onsewa osafunsidwa: maola amene munthu wogwira chiwongolero wakhala ali maso. Tayala lotha limaoneka ndi maso, mowa umamveka fungo, koma tulo tilibe fungo ndipo sitioneka papepala. Nkhani ya malire a maola oyendetsa galimoto ndi maola ogwira ntchito ikukhudza dalaivala, mwini katundu, mlimi amene wakwera pamwamba pa mbewu zake, ndiponso mwana wasukulu amene akuyenda m'mbali mwa msewu m'mamawa.

Mzinda wa pamphambano

Mutare, umene mpaka m'chaka cha 1982 unkatchedwa Umtali, udakula chifukwa cha mtengatenga. Njanji yochokera ku Beira idafika pamalowa mu 1898, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mzindawu wakhala khomo la Zimbabwe lotulukira kunyanja. Chipata cha Forbes, chimene chimayang'anizana ndi Machipanda kumbali ya Mozambique, chili pamtunda wa makilomita osakwana 10 kuchokera pakati pa mzinda. Kuchoka apo kukafika ku Beira ndi makilomita pafupifupi 290, pamene ku Harare ndi makilomita pafupifupi 260. Katundu wambiri wopita ku Zambia ndi ku migodi ya ku Democratic Republic of Congo amadutsa pomwepa, n'kulowera ku Harare, Chirundu mpaka Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 1,000 kuchokera kudoko.

Anthu olankhula Chichewa si alendo mumzindawu. Kuyambira nthawi ya atsamunda, amuna ambiri ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kuvuma kwa Northern Rhodesia ankabwera kudzagwira ntchito panjanji, m'minda ya tiyi, m'nkhalango za mitengo yocheka matabwa ndi m'nyumba za azungu. Ambiri adakhazikika ku Sakubva, dera lakale kwambiri la anthu akuda mumzindawu, ndipo kwawo ankangowatchula kuti machona. Masiku amenewo phukusi lopita kumudzi linkadikira mbale amene akubwerera kwawo. Lero zidzukulu zawo, pamodzi ndi Amalawi ndi Azimbabwe amene ali ku South Africa, amatumiza katundu sabata ndi sabata, ndipo amayembekezera kuti afike msanga. Foni yam'manja yafupikitsa kudikira: wotumiza amaimba kufunsa pamene galimoto yafika, wolandira amaimbanso, ndipo onsewa amaimbira munthu mmodzi amene manja ake ali pachiwongolero.

Onyamula maphukusi ndi a mitundumitundu

Gulu loyamba ndi la makampani ovomerezeka, monga Zimpost, Swift, DHL ndi FedEx. Ku Zimbabwe chilolezo cha ntchito yotumiza makalata ndi maphukusi chimaperekedwa ndi bungwe la POTRAZ, monga mmene bungwe la MACRA limachitira ku Malawi. Madalaivala a makampani oterewa amalembedwa ntchito ndi kalata, ndipo dandaulo lawo lili ndi kolipereka.

Gulu lachiwiri ndi la amene ku Zimbabwe amatchedwa malayicha, dzina lochokera ku mawu a Chindebele otanthauza kupakira katundu. Amenewa amatolera zakudya, zovala, mabulangete, mipando, mafiriji ndi zipangizo zomangira nyumba m'makomboni a ku Johannesburg n'kukazitula pakhomo penipeni pa wolandira, ngakhale kumudzi kumene basi sifika. Ambiri ndi eni galimoto okha kapena amayendetsa galimoto ya mbale. Kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge ndi Masvingo mpaka ku Mutare ndi makilomita oposa 1,100. Galimoto yokoka ngolo yolemera, ikamayenda makilomita 70 pa ola, imafuna maola pafupifupi 16 oyenda okhaokha, osawerengera kudikira pachipata. Opita ku Blantyre kudzera ku Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza amayenda makilomita pafupifupi 1,700, amene pa liwiro lomwelo ndi maola 24.

Gulu lachitatu ndi lomwe alimi amalidziwa bwino: malole obwereka onyamula nthochi za ku Honde Valley ndi Burma Valley, mbatatesi za ku Nyanga, matimati ndi nyemba za m'minda yothirira ya ku Nyanyadzi, mapeyala a ku Chipinge. Palinso mabasi amene amanyamula maphukusi pansi ndi m'ngolo, komanso anyamata a njinga zamoto amene amagawa timaphukusi m'madera a Dangamvura ndi Chikanga. M'magulu amenewa munthu mmodzi amakhala dalaivala, wopakira, wotsitsa, wolandira ndalama ndi mlonda wa katundu usiku. N'chifukwa chake kuwerenga maola oyendetsa okha sikukwanira. Munthu amene wasenza matumba kuyambira m'mawa amakhala atatopa kale asanalize n'komwe injini.

Zimene tulo timachita m'thupi

Madokotala amati munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo pa tsiku. Thupi lilinso ndi wotchi yakeyake imene imatsitsa mphamvu pakati pa 2 koloko ndi 6 koloko m'bandakucha, ndiponso masana chakudya chikangotsika, cha m'ma 2 koloko mpaka 4 koloko. Dalaivala amene wadya mbale yaikulu ya sadza kapena nsima masana n'kulowa mumsewu wowongoka dzuwa likuswa mtengo amadziwa mmene zikope zimalemerera.

Mu 1997 akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, adasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo m'magazini ya sayansi ya Nature. Iwo adapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuona ndi kuchitapo kanthu mofanana ndi munthu amene ali ndi mowa wokwana 0.05 peresenti m'magazi. Akafika maola 24, amafanana ndi wa mowa wokwana pafupifupi 0.10 peresenti. Ku Zimbabwe ndi ku Malawi malire a mowa kwa woyendetsa galimoto ndi 0.08 peresenti. Izi zikutanthauza kuti dalaivala amene wachezera usiku wonse, ngakhale sadalawe dontho la mowa, amayendetsa ngati munthu amene lamulo likadam'manga chifukwa cha kuledzera.

Chitsanzo chapafupi chikhoza kuthandiza. Dalaivala wa lole wadzuka 5 koloko m'mawa, wazungulira m'minda kutolera mabokosi a matimati, wathandiza kupakira ndi kumanga zingwe, ndipo wanyamuka ku Mutare 8 koloko usiku. Pomwe ikukwana 10 koloko, lole itangodutsa Rusape, iye amakhala atakwanitsa maola 17 ali maso, ndipo ulendo woposa theka ukadali patsogolo. Akafika ku Mbare pakati pa usiku amadikira kuti atsitse, kenaka mwini galimoto amafuna kuti abwerere ndi katundu wina kukangocha.

Ku America, bungwe la AAA Foundation for Traffic Safety lidaunika ngozi zambiri mu 2016 n'kupeza kuti woyendetsa amene wagona maola 4 mpaka 5 okha amachita ngozi kuwirikiza kanayi poyerekeza ndi amene wagona maola 7, ndipo wogona osakwana maola 4 amawirikiza koposa ka 11. Choopsa kwambiri ndi kuwodzera kwa kamphindi, kumene munthu amagona masekondi ochepa maso ali chitsegulire, iye osazindikira. Galimoto yoyenda makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. M'masekondi 4 imakhala itayenda mamita pafupifupi 90, kutalika kokhala ngati bwalo la mpira, popanda woiwongolera. Pamakhotakhota a Christmas Pass, kapena pamilatho yopapatiza ya msewu wa ku Birchenough Bridge, mamita amenewo ndi okwanira kutha banja lonse.

Khofi, zakumwa zopatsa mphamvu, kutsegula zenera ndi kukweza wailesi zimangochedwetsa tulo kwa kanthawi. Mankhwala ena a chimfine ndi chifuwa amawonjezera tulo. Matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, malungo, ndiponso vuto lobanika pogona limene limagwira anthu ambiri oliza mkonono kwambiri, zonsezi zimachititsa munthu kudzuka ali wotopa. Mankhwala enieni a tulo ndi kugona basi.

Malire amene maiko ena adaika

Nkhondo yomenyera maola a ntchito ndi yakale. Pangano loyamba lenileni la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la m'chaka cha 1919, lidaika maola 8 pa tsiku ndi maola 48 pa sabata kwa ogwira ntchito m'mafakitale. Mu 1979 bungweli lidakonza pangano lapadera la oyendetsa magalimoto, la nambala 153. Panganoli likuti dalaivala asayendetse maola oposa 4 mosalekeza asanapume, asapyole maola 9 pa tsiku ndi maola 48 pa sabata, ndipo apume maola 10 otsatizana pa maola 24 aliwonse. Likunenanso kuti pakhale buku lolembamo maola a dalaivala aliyense, kapena chipangizo chojambula maolawo. Maiko amene adavomereza panganoli sakwana 10, ndipo palibe ndi limodzi lomwe la kumwera kwa Africa. Komabe manambala ake ndi muyeso wabwino kwa aliyense wofuna kudziwa pamene ntchito yasanduka ngozi.

Maiko a mu European Union amatsata lamulo la nambala 561 la chaka cha 2006. Dalaivala wa galimoto yolemera matani oposa 3.5 amaloledwa kuyendetsa maola 9 pa tsiku, ndipo kawiri pa sabata angafike maola 10. Pa sabata asapyole maola 56, pa masabata awiri asapyole 90. Akayendetsa maola anayi ndi theka ayenera kupuma mphindi 45. Tsiku lililonse amapuma maola 11, ndipo pakutha kwa sabata maola 45, ngakhale lamulo limalola kuchepetsako nthawi zina. Zonsezi zimalembedwa ndi chipangizo chotchedwa tachograph, chimene apolisi amatha kuwerenga pamsewu. Chilango chimagweranso kampani, chifukwa lamulo limazindikira kuti wokonza ndandanda ya maulendo ndiye amayambitsa kutopa. Poona kuti katundu wambiri adayamba kunyamulidwa pa timagalimoto ting'onoting'ono pothawa lamuloli, maikowa adagwirizana mu 2020 kuti kuyambira pa 1 Julayi 2026 magalimoto olemera matani oposa 2.5 odutsa malire a maiko alowe nawo m'lamulo.

Ku Britain, kumene ana ambiri a ku Zimbabwe, Malawi ndi Zambia amagwira ntchito yogawa maphukusi khomo ndi khomo, woyendetsa kagalimoto ka katundu kosapyola matani 3.5 saloledwa kuyendetsa maola oposa 10 pa tsiku, kapena kukhala pantchito maola oposa 11. Koma kumenekonso vuto lilipo: ambiri amatengedwa ngati odzilemba okha ntchito ndipo amalipidwa potengera chiwerengero cha maphukusi amene apereka. Munthu wolipidwa motere amadziona ngati akudzibera yekha akaima kuti apume.

Malamulo a kuno kwathu

Ku Zimbabwe, gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko a chaka cha 2013 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Lamulo la Labour Act limapatsa wantchito aliyense maola 24 otsatizana opuma pa sabata, pamene maola a tsiku ndi tsiku ndi malipiro a ovataimu amakhazikitsidwa ndi makhonsolo a olemba ndi olembedwa ntchito a gawo lililonse, kuphatikizapo la zamtengatenga. Bungwe la Traffic Safety Council of Zimbabwe limaphunzitsa madalaivala kuyendetsa modziteteza, ndipo lakhala likuchenjeza kuti ngozi zambiri zimadza chifukwa cha zolakwa za anthu.

Ku Malawi, lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limaika maola 48 pa sabata ndi tsiku limodzi lopuma. Ku Zambia, lamulo la Employment Code Act la 2019 limaikanso maola 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata. Mu 2016 boma la Zambia, litatopa ndi ngozi za usiku, lidaletsa mabasi ndi mathiraki kuyenda pakati pa 9 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa, ngakhale pambuyo pake lamulolo lidafewetsedwa amalonda atadandaula. Ku South Africa lamulo la 1997 limaika maola 45 pa sabata, ovataimu yosapyola maola 10 pa sabata, ndi maola 12 otsatizana opuma pakati pa tsiku lantchito ndi linzake.

Malamulowa ndi abwino papepala, koma ali ndi mipata iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi wakuti amateteza munthu wolembedwa ntchito mwalamulo. Malayicha amene akuyendetsa galimoto yake, kapena mnyamata amene wapatsidwa lole pamgwirizano wapakamwa, alibe bwana womuimba mlandu. Wachiwiri ndi wakuti dalaivala mmodzi amadutsa maiko atatu kapena anayi paulendo umodzi, ndipo wapolisi wa ku Rusape alibe njira yodziwira nthawi imene munthuyo adanyamukira ku Beira kapena ku Musina. Maiko a SADC adasaina pangano la zamtengatenga mu 1996, ndipo mu 2017 mabungwe a COMESA, EAC ndi SADC adakhazikitsa ndondomeko yofananitsa malamulo a malaisensi, kulemera kwa katundu ndi kayendedwe ka magalimoto odutsa malire. Kufananitsa maola a madalaivala n'kuwalondoloza pamsewu ndi ntchito imene mabungwe a anthu apantchito ayenera kupitiriza kuikumbutsa maboma.

Chimene chimakankha dalaivala

Palibe munthu amene amadana ndi tulo. Dalaivala akamayenda usiku wonse, pali chimene chikum'kankha kumbuyo. Choyamba ndi kalipiridwe. Pamene malipiro a pamwezi ndi ochepa ndipo ndalama yeniyeni imachokera ku chiwerengero cha maulendo kapena makilomita, ola lililonse logona limasanduka ndalama yotayika.

Chachiwiri ndi mizere ya pachipata. Kwa zaka zambiri mathiraki akhala akundandalikana makilomita angapo pamsewu wopita ku Forbes. Munthu woona patali angaganize kuti dalaivala amene ali pamzere akupuma, chonsecho iye amasuntha galimoto mamita ochepa nthawi ndi nthawi, kuopa kuti ena amudutsa, uku akuyang'anira matanki a mafuta ndi matenti a katundu. Akangowoloka amathamanga kuti abweze nthawi yotayika. Kuyambira mu Januwale 2024 chipata cha Forbes ndi Machipanda chimagwira ntchito usana ndi usiku. Ku Chirundu maofesi a maiko awiri adaphatikizidwa mu 2009, ndipo pa Mwami ndi Mchinji zidachitikanso chimodzimodzi mu 2022. Kufulumiza ntchito pachipata ndi njira imodzi yobwezera madalaivala tulo tawo, malinga eni magalimoto asasandutse maola opulumutsidwawo kukhala ulendo wina wowonjezera.

Chachitatu ndi kusowa kwa malo otetezeka ogona. Dalaivala amene akuopa akuba amasankha kupitiriza ulendo m'malo moima pathengo. Pa mfundo imeneyi dziko la Malawi lili ndi chitsanzo chokumbukika. Mu 2005 bungwe la WFP ndi kampani yonyamula maphukusi ya TNT adatsegula kachipatala ka m'mbali mwa msewu pachipata cha Mwanza, ataona kuti matenda akutha madalaivala onyamula chakudya cha chithandizo. Ntchitoyo idabala bungwe la North Star Alliance, limene lidafalitsa zipatala zotere m'misewu ikuluikulu ya mu Africa. Phunziro lake n'lakuti chithandizo chiyenera kupita kumene dalaivala amaima.

Chachinayi ndi msika. Ogula ku Mbare ndi ku Sakubva amafika kusanache, ndipo wochedwa amagulitsa motchipa. Mlimi amene wathyola matimati mochedwa amakakamiza dalaivala kuti abweze nthawi pamsewu. Ndipo kutopa sikuyenda kokha. Kumayenda ndi kudzaza katundu mopyola muyeso ndi kusasamala galimoto, pakuti zonsezi zimachokera ku mtima wofuna kupindula kwambiri paulendo umodzi. Mu Okutobala 2025 basi yokoka ngolo ya katundu, imene idanyamula Azimbabwe ndi Amalawi kuchokera ku Gqeberha, idagwera kuphompho pafupi ndi Louis Trichardt ku South Africa ndi kupha anthu oposa 40. Ofufuza adaloza mabuleki osagwira bwino ndi kunyamula anthu opyola muyeso. Maliro ake adalira m'midzi ya maiko awiri.

Zimene alimi ndi alangizi angachite

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo Africa ndiye ali patsogolo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Bungwe la United Nations lidaika cholinga chochepetsa imfa zimenezi ndi theka pofika 2030. Cholinga chachikulu chotere chimayambira pa zinthu zing'onozing'ono zimene kalabu ya alimi ingachite popanda kudikira nyumba ya malamulo.

Kalabu kapena kopaletivi ikamabwereka lole, ikhoza kuika nkhani ya maola m'pangano, pamodzi ndi mtengo. Mlembi afunse kumene galimoto ikuchokera ndi nthawi imene dalaivala wagona. Ngati ulendo ukupyola maola 9, pafunika madalaivala awiri a laisensi, kapena malo ogona panjira. Ndalama yowonjezera ya dalaivala wachiwiri, ikagawidwa kwa alimi makumi awiri, imachepa kuposa mtengo wa mabokosi ochepa a matimati, pamene lole ikagubuduzika zokolola za nyengo yonse zimathera mumsewu, ndipo kawirikawiri katundu wotere sakhala ndi inshuwalansi.

Mamembala agwirizane nthawi yothyola ndi kusonkhanitsa mbewu pamalo amodzi, kuti galimoto isazungulire m'minda tsiku lonse. Ntchito yopakira ikhale ya alimi ndi aganyu, dalaivala apatsidwe mphasa pamthunzi kuti agone. Amene waperekeza katundu akhale kutsogolo ndipo akhale maso. Akaona dalaivala akuyasamula kawirikawiri, akutikita maso, akuphonya zikwangwani, kapena galimoto ikudya mzere wapakati, anene mwaulemu kuti aime. Kapu ya khofi kapena tiyi wamphamvu yotsatizana ndi tulo ta mphindi 15 mpaka 20 pamalo otetezeka zimathandiza kufika pamalo ogona apafupi, koma sizilowa m'malo mwa tulo ta usiku. Kukwera pamwamba pa katundu kuyenera kutheratu, pakuti galimoto ikapendekeka okhala pamwamba ndiwo amayamba kufa.

Mabanja olandira maphukusi ali ndi mbali yawonso. Kuimbira dalaivala foni ola lililonse ndi kumuopseza kuti sadzapatsidwanso katundu akachedwa ndi tsiku limodzi n'kumukankhira kumanda. Wotumiza angasankhe wonyamula amene amayenda ndi mnzake wosinthana naye, ngakhale mtengo wake utakwererapo pang'ono.

Alangizi a zaumoyo angakonze masiku oyeza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi maso pamalo oimikapo magalimoto ndi m'misika, nthawi imene madalaivala ali pomwepo. Makomiti a chitukuko, mafumu ndi mipingo ya m'mbali mwa msewu angapemphe makhonsolo malo owala, okhala ndi madzi, zimbudzi ndi alonda, kumene galimoto ingaime usiku. Malo otere amabweretsanso msika kwa amayi ogulitsa chakudya. Ogwira ntchito m'madera angathandize madalaivala kusunga kabuku kolembamo nthawi yoyamba ntchito, yonyamuka, yopuma ndi yofika. Kabuku kotere ndi umboni pofuna malipiro a ovataimu, ndipo kamathandiza bungwe la anthu apantchito kuyankhula ndi manambala m'manja. Dalaivala mmodzi akakana ulendo amachotsedwa ntchito, koma ambiri akayankhulira pamodzi amamveka. Paja chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Eni magalimoto ambiri tsopano adaika zipangizo zolondola galimoto kudzera pa setilaiti pofuna kuteteza mafuta ndi katundu. Chipangizo chomwecho chimasonyeza maola amene galimoto yayenda osaima. Bwana amene amadziwa malita a dizilo amene atsala m'thanki sanganene kuti sakudziwa kuti wantchito wake wayenda maola 15. Makampani ogula mbewu, mabungwe ogawa feteleza ndi chakudya, ngakhalenso maboma amene amapereka makontirakiti a mtengatenga, ali ndi mphamvu yofunsa zolemba zimenezi asanalipire.

Akuluakulu adati kuthamanga si kufika. Nthochi za ku Honde zikachedwa ndi maola awiri zimagulidwabe, ndipo bulangete lochokera ku Johannesburg likafika Lachisanu m'malo mwa Lachinayi limafundabe. Muyeso wa ILO wa maola 4 asanapume, maola 9 pa tsiku ndi maola 10 opuma ndi wosavuta kuuloweza, ndipo kalabu iliyonse ya alimi ingaulembe patsamba loyamba la buku lake la maulendo nyengo yokolola isanafike.